Malonda Nawonso Amafuna Chovala: Ulendo wa ku Dedza ndi ku Mua

Amayi anzanga, mwa matauni onse a m'Malawi muno palibe tauni imene idakhala pamwamba kuposa Dedza. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe mukamalowera ku Ntcheu, ndipo idatsamira phiri lalitali mamita 2,198 limene nsonga yake imabisala m'nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Kumeneku chisanu sichinyengerera munthu. Mlendo wochokera kunyanja akatsika basi m'mawa, choyamba kufunafuna ndi juzi ndi kapu ya tiyi wamoto. Ambirife timaidziwa Dedza chifukwa cha mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba, mapichesi ndi matabwa a paini. Koma lero ndafuna ndikuuzeni za chuma china cha boma limeneli chimene sichilimidwa m'munda. Ndikunena manja a anthu aluso, oumba, osema, oluka ndi ojambula, ndiponso m'mene manja amenewa angatithandizire ife amene timagulitsa tinthu topanga tokha.

Nkhani yake ndi iyi. M'magulu athu ambiri timadziwa kupera chiponde, kusefa uchi, kufutsa ndiwo, kupeta mpunga, kupanga sopo ndi kuphika jamu. Katunduyo amakhala wabwino ndithu. Koma tikamaliza timamuthira m'botolo lotola limene kale munali zina, chizindikiro cha eni ake akale chikadali pomwepo, kapena m'kajumbo kopyapyala komanga mfundo. Wogula akamuona amayamba kunenerera mtengo asadalawe n'komwe, ndipo akakamukonda kunyumba sadziwa kuti abwerere kwa yani, popeza pabotolopo palibe dzina lathu. Mwana ngakhale akhale wokongola chotani sitipita naye kuukwati ali wosavala. Malonda nawonso amafuna chovala ndi dzina. N'chifukwa chake ine ndi anzanga angapo tidakhala paulendo wa masiku atatu, kuyambira pamwamba pa Dedza mpaka kutsikira ku Mua, kukaona anthu amene amadziwa kuveka malonda.

Luso limeneli si lachilendo

Tidayambira kumapiri a Chongoni, chakumpoto kwa tauni. Kumeneko kuli malo 127 amene mapanga ndi matanthwe ake adajambulidwa zithunzi zakalekale, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Zithunzi zofiira, za timizere ndi timadontho, akuti adajambula ndi Akafula amene adakhala kuno makolo athu asadabwere. Zoyera adajambula ndi Achewa ndi dothi loyera, ndipo ofufuza amanena kuti zina mwa izo ndi ntchito ya amayi, anamkungwi, amene ankazigwiritsa ntchito polangiza anamwali. Munthu ukaima pansi pa thanthwe la Chentcherere n'kukweza maso, umazindikira kuti agogo athu aakazi, osadziwa ngakhale lemba limodzi, ankadziwa kuika nkhani yaitali m'chithunzi chimodzi kuti woona asaiwale. Chizindikiro cha malonda ntchito yake ndi yomweyo.

Ngakhale kukulunga katundu sitidaphunzire kwa alendo ayi. Kumbukirani chikwatu cha mfutso. Mayi amasankha masamba aakulu a msuku, n'kuwayala mosanjikiza, n'kuikapo mfutso wouma bwino, n'kumanga ndi luzi mpaka chikhale chobulungira, kenaka n'kuchikoloweka kutsindwi la khitchini kumene utsi umaingitsa tizilombo. Ndiwo za m'mwezi wa Epulo zimafika mu Okutobala zili bwinobwino. Kumbukiraninso nsupa yosungiramo mafuta a nsatsi, nsengwa, dengu ndi mtsuko. Woumba mbiya aliyense adali ndi mphini zakezake zimene ankatema pakhosi pa mphika dothi likadali lofewa, kotero kuti pamsika anthu ankati akangoona n'kudziwa kuti mphika uwu ndi wa Anaphiri, uwo ndi wa Anabanda, ndipo ankadziwanso kuti wosang'aluka pamoto ndi uti. Chimene tidataya ife si nzeru ayi, koma chizolowezi.

Wolemba zikwangwani

Tsiku lomwelo masana tidayenda pamsika ndi pamzere wa masitolo a m'tauni. Amene mudafikako, kapena pamalo ena alionse ochitira malonda m'dziko muno, mukudziwa kuti makoma amalankhula. Pometera tsitsi pamakhala mitu ya anyamata ometa masitayelo osiyanasiyana, pabutchala ng'ombe yonona, pachigayo chisononkho cha chimanga, patiyirumu ketulo yotulutsa nthunzi. Agogo amene sadapite kusukulu salowa khomo lolakwika, chifukwa kwa iwo chithunzicho ndiwo malemba. Zonsezi ndi ntchito ya olemba zikwangwani, anthu amene timawapitirira tsiku ndi tsiku osawapatsa ngakhale moni.

Mmodzi wa iwo tidamupeza m'kachisakasa kake, zitini za utoto zili ndandanda, maburashi ali m'chikopa cha madzi. Ndi bambo wachinyamata amene adaphunzira ntchitoyi pothandiza mkulu wina. Adationetsa ntchito imene adachitira mayi wina wa tiyirumu. Poyamba adangomujambulira ketulo pakhoma. Patapita nthawi mayiyo adapempha kuti ketulo yomweyo, osati ina, ikhalenso pamaepuloni a atsikana ake ndi patimatumba ta mapepala timene amaikamo masikono a anthu apaulendo. Tsopano munthu akadya sikono ali m'basi, kathumba kaja kamamukumbutsa kumene adagula, ndipo pobwerera amatuma mwana kuti akagule kwa mayi wa ketulo.

Chimene chidatikondweretsa ndi m'mene amayambira ntchito. Sathamangira utoto. Amayamba wafunsa kuti mumagulitsa chiyani, amagula ndani, ndipo anthu kwanuko amakutchulani dzina lotani. Akatero amajambula zithunzi ziwiri kapena zitatu ndi pensulo kuti eni ake asankhe. Malangizo ake ndi akuti chithunzi chikhale chimodzi, chosavuta kuzindikira uli patali, mitundu isapitirire iwiri, ndipo dzina likhale lalifupi loti mwana wotumidwa asaliiwale panjira. Gulu limene lifuna kuunjika njuchi, duwa, phiri, dzuwa ndi manja ogwirana pakapepala kamodzi limangosokoneza wogula.

Akagwirizana, amasema chidindo. Amatenga kachidutswa ka labala wokhuthala kapena kathabwa kosalala, n'kusemapo chithunzi ndi dzina ndi kampeni kakuthwa. Malembawo amasemedwa chagada, ngati mukuwaonera pakalilole, kuti podinda atuluke olunjika. Ubwino wa chidindo ndi uwu: osindikiza ndi makina m'mizinda kawirikawiri amafuna kuti muitanitse timapepala tambirimbiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike, ndipo gulu laling'ono silikhala ndi ndalama yotero. Koma chidindo mukagula kamodzi mwagula. Lero mwadzaza mabotolo 20, mudinda timapepala 20. Mwezi wamawa mwadzaza 50, mudinda 50. Palibe chotsala choti chidyedwe ndi chiswe m'katoni.

Kwa oumba ndi opanga mapepala

M'mawa mwake tidapita ku Dedza Pottery, malo oumbira amene adatsegulidwa m'chaka cha 1987 kunja pang'ono kwa tauni. Kumeneku kapu imodzi imadutsa m'manja ambiri. Ena amakonza dothi, ena amaumba pagudumu lozungulira, ena amamata zogwirira, ena amajambula ndi burashi, ndipo ena amayang'anira uvuni. Pamakapu, pambale ndi pamatailosi amajambula zinthu za kwathu konkuno: mudzi ndi nkhokwe zake, mtengo wa mlambe, nsomba za m'nyanja, mbalame ndi nyama zakutchire. Popeza chilichonse chimajambulidwa pamanja, palibe makapu awiri ofanana ndendende, komabe onse amaoneka kuti ndi a bere limodzi. Munthu wozolowera akaiona kapu yotere ku Mzuzu kapena ku Blantyre amadziwa kwawo kwake asadaitembenuze n'komwe. Amalandiranso maoda a anthu amene afuna kuti dzina kapena chithunzi chawo chikhale paziwiya, ndipo motero nyumba yogona alendo kapena malo odyera amatha kukhala ndi mbale zakezake.

Mmodzi wa ife, amene gulu lawo limaweta njuchi, adalakalaka kuti uchi wawo uzigulitsidwa m'timitsuko ta dothi. Apa ndi pofunika kusamala. Ziwiya za kumeneku zimapakidwa mankhwala amene akapsa pamoto waukulu amauma ngati galasi, ndiye sizimwa madzi. Mphika wathu wakumudzi, wootcha ndi nkhuni pabwalo, uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake umaziziritsa madzi akumwa, koma n'chifukwa chakenso suyenera kusungira uchi, pakuti uchi umayamwa chinyontho, ndipo ukayamwa umasasa n'kuyamba kuchita thovu. Uchi, jamu ndi chiponde zimafuna botolo loyera, louma, lotsekeka bwino. Komatu woumba wakumudzi asatayidwe. Angathe kuumba timabango tating'ono ngati ndalama yachitsulo, kutidinda chizindikiro cha gulu dothi likadali lofewa, kutiboola, ndi kutiotcha pamodzi ndi miphika yake. Kabango kotere mukakamangirira pakhosi pa botolo ndi chingwe cha khonje, botolo wamba lija limasanduka mphatso yoti munthu n'kupita nayo kwa apongozi osachita manyazi.

M'mbali mwa msewu wopita kumalo oumbirawa muli timanyumba ta osema ndi ojambula, ndipo kumeneko tidaonanso mapepala opangidwa pamanja. Ntchito imeneyi siidatidabwitse kwenikweni, chifukwa zida zake ndi za pakhomo pathu pomwe. Amatola mapepala otha ntchito, n'kuwang'ambang'amba, n'kuwaviika m'madzi usiku wonse. M'mawa amawasinja mumtondo mpaka asanduke phala, n'kulisungunula m'beseni lalikulu la madzi. Kenaka amamiza sefa wa makona anayi n'kumutukula pang'onopang'ono kuti phala lija liyalike mofanana, amakhuthulira pansalu, amafinya madzi, n'kuyanika. Akafuna pepala lolimba amasakaniza ulusi wa thunthu la nthochi umene ayamba auphika kuti ufewe, ndipo timaulusito timaonekera m'pepalamo mokongola. Ku Blantyre bungwe la PAMET lidatchuka ndi ntchito yomweyi, mpaka kupanga mapepala ndi ndowe za njovu. Papepala lotere amapanga timabokosi ta sopo, maenvulopu, ndi timapepala tomata pamabotolo.

Nkhani ya mapepalayi ili ndi mbali inanso. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika muyeso wa mamaikuloni 60, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho. Tonse tidaona timajumbo titatseka ngalande, titakoloweka m'mitengo, ndiponso mbuzi zikufa titadzaza m'mimba. Gulu limene lizolowera msanga kathumba ka pepala, ka nsalu kapena ka mlaza silidzadzidzimuka. Chenjezo ndi lakuti pepala lopangidwa ndi zotolatola likhale chovala chakunja basi. Lisakhudzane ndi chakudya, makamaka chamafuta, monganso nyuzipepala siyenera kukulungira zitumbuwa chifukwa inki yake imalowa m'chakudya. Utoto wa pakhomanso usayandikire chilichonse cholowa m'kamwa.

Kutsika Khwekhwerere

Kuchoka ku Dedza tidalowera kummwera pang'ono mpaka pa Masasa, pamene msewu wa ku Golomoti umapatukira. Umenewu ndiwo msewu wa Khwekhwerere. Umakhotakhota ngati njoka potsika phiri, uku thanthwe uku phompho, ndipo kukayera bwino nyanja imaoneka chapatali ikunyezimira. Pakona iliyonse mphepo imanka ifunda. Amene tidakwera titafunda zitenje ziwiriziwiri tidayamba kuvula chimodzichimodzi, ndipo pofika pansi tonse tidali kudzikupiza.

M'mbali mwa msewu umenewu muli anyamata osema tinthu todabwitsa: timagalimoto, timathirakitala, tinjinga ndi tindege ta mitengo, ta magudumu oyenda ndi zitseko zotseguka. Tidaima n'kugwira kanjinga kena, ndipo tidatha mawu poona kuti kali ndi tcheni, mapedulo ndi chishalo, zonse zosemedwa ndi kampeni. Koma taganizirani moyo wa anyamatawa. Amakhala tsiku lonse maso ali kumsewu kudikira galimoto ya alendo, ndipo magalimoto ambiri amangodutsa. Nyengo ya dzinja alendo amachepa, pomwe njala imakhala itafika pachimake. Munthu wodziwa kusema tcheni cha kanjinga sangalephere kusema chidindo, kabokosi ka sopo, kasipuni kotungira uchi, kapena kathandala koyalapo malonda m'sitolo. Kwa iye oda ya gulu la amayi yobwera mwezi ndi mwezi, ngakhale ikhale yochepa, ndi ndalama yodalirika kuposa mlendo wobwera mwa apo ndi apo. Ife tikusowa chovala cha malonda athu, iwo akusowa ogula okhazikika. Mutu umodzi susenza denga.

Pansi pa phiri dziko limasinthiratu. Mitengo ya paini imatha, m'malo mwake mumabwera milambe ndi migwalangwa. Kuno ndi kuchigwa cha Bwanje, kumene kuli sikimu yothirira ya mahekitala 800 imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo alimi ake ambiri amalima mpunga. Aliyense amene adalimapo mpunga adziwa ntchito yake: kuwokera msana uli chiweramire m'matope, kupalira, kuingitsa mbalame, kumweta ndi kupuntha. Koma mpunga ukagulitsidwa pandowa kapena pathumba losalemba kanthu, dzina la mlimi limathera pomwepo. Amene adzaupakire m'timatumba tolembedwa bwino kutauni ndiye adzatenge ulemu pamodzi ndi phindu lalikulu. M'chaka cha 2003 dziko lathu lidayamba ndondomeko ya One Village One Product, nzeru yochokera ku Japan komweko, yolimbikitsa kuti dera lililonse likonze bwino chinthu chimodzi chimene lili nacho n'kutchuka nacho. Mfundo yake idali yomveka, koma kutchuka kumafuna dzina looneka ndi maso.

Zida zovekera mpunga umenewu zili pomwepo. Mlaza umene amalukira mikeka ndi zikapu ungalukenso timadengu tokwana kilogalamu imodzi kapena awiri. Atelala a pa Golomoti ndi pa Mtakataka amataya tizidutswa ta zitenje timene tingasokedwe kukhala timatumba, kapena kudulidwa mobulungira n'kuvundikira zitsekero za mabotolo a ufa wa malambe. Woluka, wosoka ndi wosema chidindo atakhala pamphasa imodzi ndi mlimi wa mpunga, ndalama ya chovala cha mpungawo ikadatsala m'mudzi momwemo.

Ku Mua

Tsiku lachitatu tidafika ku Mua, pakaphiri koyang'ana chigwa, pamwamba pa mtsinje wa Nadzipokwe. Mishoni imeneyi adaiyambitsa ndi ansembe a chipani cha White Fathers m'chaka cha 1902. Mu 1976 malemu Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu adawapatsa mfunda woti Achisale, adatsegula malo a Kungoni ophunzitsirapo luso la zosemasema ndi kusungirapo chikhalidwe. Osema a kumeneku mbiri yawo idapita kutali, ndipo ntchito zawo zina zili mpaka ku Vatican ndi ku Germany. Palinso nyumba ya Chamare ya zipinda zitatu, yofotokoza mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, m'mene muli nkhope za zilombo za Gule Wamkulu zoposa 400.

Ku Mua tidatolako zinthu ziwiri. Choyamba ndi chakuti luso limakula pamene likulemekezedwa. Wosema akadziwa kuti ntchito yake idzayamikidwa ndi kulipidwa moyenera, sapupuluma, amasalaza ngakhale kumbuyo kumene anthu sayang'anako. Tikamalipira waluso ngati waganyu wosenza mchenga, tisadabwe akatipatsa ntchito yaganyu.

Chachiwiri ndi chakuti si chithunzi chilichonse choyenera kuikidwa pamalonda. Gule Wamkulu adalandira ulemu wa UNESCO m'chaka cha 2005, ndipo alendo amakopeka naye kwambiri. Mwina wina angaganize kuti nkhope ya chilombo pabotolo la chiponde ingakope ogula. Koma zimenezi zili ndi eni ake ndi mwambo wake, ndipo kapepala ka pabotolo mathero ake ndi kudzala. Chimodzimodzinso zinthu za chipembedzo ndi nkhope za anthu amene sitidawapemphe. Zojambula zosalakwira munthu sizisowa: mtondo ndi munsi, lichero, ngala ya mpunga, chisa cha njuchi, tsamba la chisoso, kapena phiri la kwanu limene aliyense amalidziwa.

Pangano lisakhale la pakamwa pokha

Pobwerera tidakambirana za chinthu chimene chimapasula maubale ambiri pakati pa aluso ndi amalonda, ndicho ndalama. Wolemba zikwangwani uja adatidandaulira kuti anthu ena amamuuza kuti angojambula kaye adzamuona malonda akayenda, ndipo malonda akayendadi amatenga chithunzi chake chomwecho kupita nacho kwa osindikiza ndi makina, iye osamuuza n'komwe. Amayi anzanga, ngakhale wojambulayo akhale mwana wa mlongo wanu, utoto amagula ndipo nayenso amadya. Kumbali inayi, alipo aluso amene amalandira ndalama n'kusowa milungu itatu, kapena kugulitsa chithunzi chomwecho kwa gulu la mudzi woyandikana nawo.

Chotero musadayambe ntchito khalani pansi, ndipo mlembi wa gulu alembe m'buku zimene mwagwirizana, pakhale mboni mbali zonse. Mugwirizane ngati mukulipira kamodzi kapena pa chinthu chilichonse chimene wapanga, tsiku limene ntchito idzathe, mwini wa chithunzicho mukatha kulipira, ndi chimene wojambula adzalandire tsiku limene malonda adzakule n'kufuna makina. Mugwirizanenso kuti chithunzi chanu sadzapatsa wina, ndipo inu mumulole kuika dzina lake ndi timalemba tating'ono pakona, pakuti kumeneko ndiye kutsatsa malonda kwake. Dziwani kuti dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, ndiponso lamulo la 2018 lolembetsera zizindikiro za malonda kuti wina asakubereni dzina.

Muwerengenso mtengo bwinobwino. Phatikizani botolo, kapepala, inki, chingwe ndi malipiro a waluso, n'kugawa pa chiwerengero cha mabotolo, kuti mudziwe chimene chovala chikudya pa botolo lililonse. Ngati chikumaliza phindu lonse, chepetsani. Monga ife tili ndi chitenje cha kudimba ndi chitenje cha kutchalitchi, malondanso akhale ndi zovala ziwiri. Wogula wa pamsika wakumudzi amafuna botolo loyera, dzina ndi mtengo wofikirika, ndiye chidindo chokha n'chokwanira. Kadengu ka mlaza ndi kabango ka dothi tisungire masitolo a m'tauni, malo ofikira alendo ndi zionetsero za malonda, kumene anthu amalipira ndi maso omwe.

Chikomekome cha mkuyu

Mawu otsiriza ndi awa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chovala chokongola sichichiritsa katundu woipa. Mtedza wa chuku ukalowa m'chiponde umadwalitsa anthu ngakhale botolo litavala bwanji, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kukazinga. Uchi wothira shuga wosungunula wogula amauzindikira tsiku lachiwiri. Ndipo kumbukirani kuti dzina limene mwadinda pabotolo ndi njira ya mbali ziwiri: limabweretsa wogula wokondwa, limabweretsanso wogula wokwiya, ndipo onsewo adzafika pakhomo panu osasochera. Amene waika dzina lake pa katundu walumbira pamaso pa anthu.

Kapepala kanu kanene zoona zokhazokha: dzina la katundu, zimene mwasakaniza, kulemera kapena kuchuluka kwake, dzina la gulu ndi kumene likupezeka, tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu. Pachidindo musiye mpata woti masikuwo muzilemba ndi cholembera. Amene mufuna kuti katundu wanu alowe m'masitolo akuluakulu pitani mukafunse ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona za ubwino wa katundu. Safunsa adadya phula. Ndipo chizindikiro cha bungwelo musauze wosema kuti akusemereni ayi, chimaperekedwa ndi eni ake akayesa katundu wanu.

Si aliyense angathe kupita ku Dedza kapena ku Mua, ndipo sikofunika kutero. M'mudzi mwanu momwemo muli agogo oluka nsengwa, mayi woumba mbiya, telala wa pakhonde la golosale, ndi mwana uja amene aphunzitsi amamutuma kujambula mapu pabolodi. Pamsonkhano wanu wotsatira bwerani ndi botolo limodzi la katundu wanu, muliike pakati pa mphasa, muitane mmodzi wa anthu amenewa, mumupatse mpando ndi ulemu, n'kumufunsa kuti angaliveke bwanji ndipo afuna zingati. Amene muyese mutilembere kalata kuti anzanu a m'maboma ena amve m'mene zayendera. Tsalani bwino, amayi.